Munda wa "mafuta" womwe ndinatsala pang'ono kugula modula ku Chitakale

Nditabwera kuchokera ku Joni ndi kangachepe kanga, madobadoba anandinunkhiza msanga. Mmodzi anandipeza pa Chitakale ndikudikira minibasi, n'kundikokera pambali. "Achimwene, ulipo munda wa maekala awiri kumusi kwa dambo. Koma si munda wamba, pansi pali mafuta. Azungu akangodziwa, inu mwalemera." Mtengo wake unali kuwirikiza katatu wa munda woyandikana nawo.

Ndinapita kukaona. M'mphepete mwa dambolo munalidi chithaphwi chokhala ndi kansalu konyezimira pamwamba, ka mitundu ngati utawaleza, ndendende dizilo akatayikira m'madzi. Pansi pake matope ofiira ngati dzimbiri. Ndisaname, mtima unagunda.

Usiku womwewo ndinawauza malume. Anaseka pang'ono, n'kunena kuti, "Mphwanga, madzi onyezimirawo tinkawaona tili anyamata tikuwedza. Usanapereke ndalama, kafunse kwa odziwa miyala." Mawu amenewo ndi omwe anandipulumutsa, ndipo njira yomwe ndinayenda ndi iyi.

Ndinayamba ndi chinthu chosafuna tambala. Mphunzitsi wina wa jogalafe, mnzanga wakalekale, anandiuza kuti ndibwerere pa chithaphwicho ndi kamtengo. Mafuta enieni ukawabaya amapatuka n'kubwereranso kukumana, ndipo amanunkha. Koma kansalu kobwera ndi tizilombo tating'onoting'ono tokonda chitsulo cha m'madzi kamasweka zidutswazidutswa ngati galasi, osalumikizananso. Ndinabaya. Kanasweka. Ndinanunkhiza chala, fungo la matope basi. Dobadoba uja anati mafutawo "sanakhwime". Ndinangomuyang'ana.

Komabe kamtengo sikanandikhutiritse, choncho ndinatunga madziwo m'botolo, ndinatola miyala itatu ya m'mundamo, ndinalemba manambala a GPS a malowo pa foni, n'kukwera minibasi kudzera ku Limbe kupita ku Zomba, ku likulu la Geological Survey, nthambi ya boma yoona za miyala. Mukapita, tengani manambalawo. Kungonena kuti "kumusi kwa dambo" sikuthandiza munthu amene akuyang'ana pa mapu.

Bambo amene anandilandira anatambasula mapu a miyala a dera lathu, n'kuloza pomwe pali mundawo. Apa ndi pomwe ndinaphunzira zomwe sindinamvepo ngakhale ndinakulira m'tsinde mwa phirili. Phiri la Mulanje, mpaka pa Sapitwa pa mamita 3,002, ndi mwala wa syenite ndi granite. Unali mwala wosungunuka womwe unakwera kuchokera pansi n'kuzizira usanatulukire kunja, zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, kenako mvula ndi mitsinje zinakokolola zofewa zonse zouzungulira. Pansi pa dothi lofiira lomwe timalimapo tiyi ndi chinangwa pali gneiss, mwala wakale kwambiri kuposa phirilo, wophikidwa ndi kutentha kwa pansi. Mafuta sabadwira m'miyala yotere. Amachokera ku zamoyo zing'onozing'ono zomwe zinafera pansi pa nyanja zakale, n'kukwiriridwa ndi matope ndi mchenga wokhuthala makilomita angapo, n'kutenthedwa pang'onopang'ono kwa zaka mamiliyoni. Ndiye pamafunikanso mwala wa timabowo woti mafutawo akhalemo, ndi wina wolimba pamwamba wotsekera kuti asathawe. Chimodzi chikasowa, palibe kanthu. "Bambo," anatero, "pamalo anuwa zikusowa zonse."

Ndinafunsa, nanga mafuta a ku Malawi omwe timamva pa wailesi ali kuti? Anandionetsa chigwa cha nyanja ya Malawi, pomwe pansi pake pali matope okhuthala, komanso ku Chigwa cha Shire komwe kuli miyala ya Karoo, yopangika kuchokera ku matope ndi mchenga wakale, yomwe ilinso ndi malasha kumbali ya Lengwe ndi Mwabvi. Boma linagawa dziko m'mabuloko 6 ofufuzamo mafuta. Mu 2011 kampani ya Surestream Petroleum inapatsidwa buloko 2 ndi 3 pa nyanja, ndipo mukukumbuka kuti apa ndi pomwe mkangano wa malire ndi Tanzania unabuka mwamphamvu chaka chotsatira. Ku Uganda anapeza mafuta ku nyanja ya Albert mu 2006, m'chigwa chofanana ndi chathu, n'chifukwa chake anthu ali ndi chiyembekezo. Koma chiyembekezo si chitsime. Makampani amayamba ndi kuyeza ndi ndege, monga kauniuni uja amene tinkamuona akuuluka motsika, kenako amatumiza mafunde pansi n'kumvetsera momwe akubwerera, ndipo pomaliza amakumba mamita masauzande. Ngakhale atachita zonsezi, zitsime zambiri zoyesera zimatuluka zouma.

Mulanje ali nacho chuma chake, musandimve molakwa. Pamwamba pa Lichenya pali bauxite, mwala wopangira aluminiyamu, ndipo ku Chambe anthu akhala akufufuzako rare earths, zitsulo zapadera zopangira zipangizo zamakono monga mafoni. Koma izi zimachokera ku mwala wa phiri womwewo, si achibale a mafuta.

Ndisanatuluke anandiuza chinthu chomwe chinathetseratu nkhani. Lamulo la mafuta la mu 1983 limati mafuta onse a pansi pa dziko lino ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa Amalawi. Ku America munthu akhoza kugulitsa munda pamodzi ndi ufulu wa mafuta ake, ndiye mumaona malonda otere pa intaneti. Kuno ayi. Ngakhale pansi pa munda wanga pakanakhala mafuta, sakanakhala anga, ndipo kampani yokhala ndi chiphaso ikanangondilipira chipukutamisozi cha malo ndi mbewu. Mwachidule, dobadoba uja ankandigulitsa chinthu chomwe kulibe, chomwenso sichikanakhala chake.

Zotsalazo zinali zachizolowezi. Ndinamulambalala, n'kupita ndi malume kwa amfumu kukafunsa mwini weniweni wa mundawo. Zinapezeka kuti ndi wa mbumba ya mayi ena okalamba, ndipo iwo nkhani ya mafutayo anali asanaimvepo. Tinakhala pansi ndi abale awo onse, chifukwa kuno malo a mbumba sagulitsa munthu mmodzi, tinagwirizana mtengo wa dimba wamba, amfumu anasaina, ndipo ndinapita ku ofesi ya malo ku khonsolo kukayamba za mapepala.

Chaka chatha ndinaitana okumba mijigo. Anayeza kaye ndi zingwe ndi zikhomo zawo kuti apeze pomwe mwala uli ndi ming'alu, n'kukumba. Fumbi lotuluka linali lotuwa, gneiss yekhayekha, monga anandiuzira ku Zomba. Madzi anapezeka pa mamita 42. Akagona mu ndowa amafiirira pang'ono chifukwa cha chitsulo chomwe chija, mayi a kunyumba amadandaula kuti akuthimbiriritsa zovala zoyera, koma tomato ndi mpiru sizikudandaula. Dobadoba uja ndinamuonanso pa Limbuli mwezi watha. Tsopano akuti ali ndi munda wa golide.