Kujambula madzulo: musasiyire kamera chilichonse

Anzanga ojambula zithunzi mu Blantyre muno, makamaka inu amene mumagwira ntchito pa zinkhoswe ndi maukwati, ndikupemphani kuti dzuwa likangolowa kuseri kwa phiri la Michiru musamasiye kamera pa Auto. Kamera imayeza kuwala ngati kuti chilichonse chiyenera kuoneka chotuwa, pakati pa choyera ndi chakuda. Mukajambula wogulitsa tchipisi pa chiwaya ku Limbe usiku, imawalitsa mdima wonse mpaka malawi a moto ndi nkhope yake zimayera mbuu. Mankhwala ake ndi kutsitsa exposure compensation (chowonjezera kapena kuchepetsa kuwala kumene kamera yayeza) kufika pa -1.

Ikani kamera pa A kapena Av (pamene mumasankha nokha kukula kwa bowo la lenzi), tsegulani lenzi pa f/1.8 kapena f/2.8, ndipo Auto ISO (pamene kamera imadzisankhira mphamvu yokokera kuwala) muiikire malire, mwina 3200 pa makamera akale ndi 6400 pa atsopano. Chimene ambiri amaiwala ndi liwiro lochepetsetsa la shutter (chitseko cholowetsa kuwala mu kamera), lomwe makamera ambiri a Nikon, Canon ndi Fujifilm amalola kuti mulisankhe nokha. Kwa anthu oima, 1/125 ya sekondi ndi yokwanira, koma pa perekaniperekani, pamene azimayi akuvina uku akuponya ndalama m'lichero, musatsike pansi pa 1/250. Kwa ine, chithunzi chokhala ndi tinjerenjere ta ISO yokwera n'chabwino kuposa cha mkwatibwi wosaoneka nkhope.

M'maholo a mababu otchipa a LED mukaona mizere yakuda pa chithunzi, dziwani kuti magetsi athu ndi a 50 Hz, choncho mababuwo amaphethira ka 100 pa sekondi; yesani shutter ya 1/100, kapena yatsani anti-flicker (choletsa kuphethirako kuoneka pa chithunzi) ngati kamera yanu ili nayo.