Zikomo nonse, amayi athu achira zilonda za m'mimba

Abale, anansi ndi akumpingo, dzulo adokotala atayeza chimbudzi cha amayi atiuza kuti kachilombo kamene kanawabweretsera zilonda za m'mimba katha. Ndati ndisachedwe kuthokoza.

Amayi akhala akudandaula chilungulira ndi kupweteka pachifu kwa zaka, makamaka usiku. Mawondo nawonso ankawavuta, ndiye brufen sankasowa m'chikwama mwawo. Tsiku limene anasanza magazi, chimbudzi chitada bii ngati phula, achimwene oyandikana nafe anatulutsa galimoto pakati pa usiku, ndipo ndalama ya mafuta anakana. Ambuye akudalitseni, achimwene. Inunso amene mumapereka magazi kudzera ku Malawi Blood Transfusion Service, sitikudziwani maina, koma magazi anu ndi amene anaimika amayi athu.

Amene anandikhudza mtima kwambiri ndi adokotala amene anakhala nafe pansi n'kutifotokozera mofatsa. Anati omeprazole amachepetsa asidi amene chifu chimatulutsa kuti chilonda chipeze mpata wopola, n'chifukwa chake amamwedwa m'mawa, mphindi 30 munthu asanadye. Koma pakakhala kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, omeprazole yekha amangoziziritsa ululu, zilonda n'kudzabweranso. Choncho anawonjezera amoxicillin ndi clarithromycin kwa masiku 14, ndipo analetseratu brufen, aspirin ndi diclofenac chifukwa amafooketsa chitetezo cha khoma la chifu. Pa mawondo anawapatsa paracetamol. Mawu amenewa ndikanakonda aliyense wogula mankhwala a ululu pagolosale akanawamva.

Masiku 14 aja sanali apafupi. M'kamwa munkawawa, nseru tsiku lililonse, ndipo amayi anafika ponena kuti bola asiye. Achemwali, inu amene munasiya geni yanu kumsika n'kumakhala pambali pawo mpaka ameze mbulu uliwonse, zikomo kwambiri. Amayi a Mvano, phala lanu, nkhuni ndi mapemphero zinatifika pa nthawi yake. Amalume a ku Johannesburg, ndalama zimene munatumiza ndi zimene tinalipira poyeza m'mimba ndi kamera yolowetsa pakamwa.

Panopa amayi akudya nsima bwinobwino ndipo akugona usiku wonse. Apereka moni kwa nonse, ndipo akuti Lamulungu likubwerali adzafika okha kutchalitchi kudzakuthokozani pamaso.