Zaka zisanu tikupenta ndowa, miphika ndi mathireyi ku Matawale

Mwezi uno takwanitsa zaka zisanu chiyambireni ntchito yokongoletsa ziwiya za pakhomo, ndipo tachoka pakhonde paja n'kulowa mu shedi yathuyathu konkuno ku Matawale, mu mzinda wa Zomba. Amene munatipeza mu 2020 tikuyanika miphika ya maluwa pa thebulo limodzi mukabwera mudzasokonezeka. Pano tikupenta ndowa za malata, mathireyi a matabwa, malichero okoleka pakhoma, mabotolo, nsalu za pathebulo ndi za mapilo. Ambiri mumafunsa kuti bwanji penti wathu sakanganuka. Palibe chizimba. Duwa kapena dzina lomwe mumaliona pa ndowa limatenga mphindi khumi, koma masiku awiri kapena atatu amathera pa zomwe zili pansi pa duwalo.

Sitensulo ndi pepala lolimba lobooledwa chithunzi, lomwe timaliyala pa chiwiya n'kudinda penti m'mabowomo. Ya katoni imagwira kawiri katatu, kenako m'mbali mumafewa ndipo mizere imayamba kupindika. Ife timagwiritsa ntchito zikuto za pulasitiki za mafayilo ndi mapepala akale a X-ray, timadulira pa galasi ndi lezala latsopano. Podula zilembo monga A, B, D, O, P ndi R pamafunika kusiya timilatho ta mamilimita atatu togwira pakati. Mukaiwala, pakati pa O pamagwa, dzina ngati Chisomo limatuluka ndi madontho awiri akuda m'malo mwa zilembo.

Ndowa ili ndi vuto lakelake chifukwa ndi yotakasuka kumwamba, yopanikizika pansi. Mukaikulunga ndi sitensulo yaitali, mapeto onse awiri amakwera cha kumlomo, dzina n'kumaoneka ngati likumwetulira. Timayeza kuchokera pansi, kulemba mzere ndi choko kuzungulira ndowa yonse, n'kumaika chilembo chimodzichimodzi pa mzerewo. Sitensulo ya pa chiwiya chozungulira isapitirire masentimita khumi m'lifupi.

Chodindira ndi kachidutswa ka siponji ya matiresi. Mukaviika mu penti, yambani mwagogoda pa nyuzipepala mpaka siponjiyo ikhale ngati yauma, ndiye mupite pa sitensulo. Kudinda kwake n'kotsika ndi kukwera, osakwekwesa. Penti wochuluka amalowa kunsi kwa sitensulo ndipo duwa limamera ndevu. Bola kudinda kawiri mopyapyala. Sitensulo ichotsedwe penti asanaume, ndipo kumbuyo kwake kupukutidwe ikadutsa pa ziwiya zitatu.

Zonsezi munthu amaziphunzira pa sabata imodzi. Chomwe chinatsala pang'ono kutitseketsa bizinesi ndi malata.

Mu Julayi 2022 malo ena ogona alendo anaitanitsa ndowa 60 zodzalamo maluwa, zobiriwira, zokhala ndi chizindikiro chawo. Mwini hadiweya ina m'tauni muno analumbira kuti penti wake wa mafuta amagwira pa chilichonse, ndipo praima, penti woyambirira wothandiza kuti penti weniweniyo agwire, n'kutaya ndalama chabe. Patatha mwezi ndi theka ndowa zija zinabwerera pa lole, penti akusupuka ngati khungu la mbatata yophika. Ungolowetsa chikhadabo m'mphepete, chigamba chonse chimatuluka, pansi pali lata lonyezimira ngati silinakhudzidwepo. Chimachitika n'chakuti lata limakutidwa ndi zinki kuti lisachite dzimbiri, ndipo zinkiyo ikakumana ndi mafuta a mu penti pamapangika kanthu konga sopo pakati pa ziwirizi. Penti amakhala atagona pa sopo. Onjezani kuti lata latsopano limabwera ndi timafuta ta ku fakitale, komanso kuti vanishi tinapaka mkati mwa chiperoni, nkhungu itatsika kuchokera kuphiri. Vanishi akauma mu chinyontho chotere amachita mbuu ngati wathiridwa mkaka.

Tinapala ndowa zonse n'kupentanso ndi ndalama zathu. Ndalamazo zinali za katapila, K200,000 yobweza K300,000 pakutha pa mwezi, ndipo amene anatikongozawo anayamba kudutsa pakhomo tsiku lachitatu lomwe, ati kudzangoona ngati tadzuka bwino. Tinawabwezera zonse. A hadiweya aja mpaka lero tikakumana pa depoti amapeza choyang'ana kumbali.

Kuchokera pamenepo ndowa iliyonse imatsukidwa ndi sopo wa ufa ndi madzi ofunda, kupukutidwa ndi viniga woyera, kudikira theka la ola, kutsukuluzidwa ndi kuyanikidwa padzuwa. Kenako praima yemwe pachitini pake palembedwa kuti ndi wa malata, tsiku lathunthu louma, ndiye penti kawiri. Pa oda iliyonse timasankha ndowa imodzi, kucheka X ndi lezala pansi pake, kumata selotepi n'kuzula mwamphamvu. Selotepi ikabwera ndi penti, katunduyo satuluka. Vanishi sitipaka m'mawa wa Juni ndi Julayi kapena mvula ikamagwa mosalekeza. Tikakuuzani kuti dikirani kuti kunja kuyere, si ulesi.

Mphika wa dothi uli ndi khalidwe lina. Dothi limapuma, madzi othirira maluwa amadutsa m'khoma n'kukankha penti kuchokera mkati, matuza n'kuyamba, nthawi zina ndi kaufa koyera ka mchere. Choncho mphika umayamba wakhala padzuwa sabata, timausasa fumbi, n'kumata mkati kawiri ndi penti wotchinga madzi, bowo la pansi lokha kulisiya. Mtsuko wa madzi akumwa sitiupenta wonse ngakhale mutatilipira kawiri. Madzi amazizira mumtsuko chifukwa amatuluka ngati thukuta n'kuuma ndi mphepo. Mukautseka ndi penti, mwagula ndowa yadothi ya madzi ofunda. Timangoika kamkanda ka maluwa m'khosi.

Mathireyi athu ndi a paini wa m'phiri la Zomba lomweli. Thabwa likhale louma, apo ayi thireyi imapindika ikalowa m'nyumba. Mfundo za paini zimatulutsa utomoni womwe umaboola penti woyera n'kusiya zipsera zachikasu, ndiye timayamba tamata mfundozo ndi shelaki, mtundu wa vanishi wotchinga utomoni. Sandipepa ndi wa nambala 120, kumalizira ndi 220. Nsalu yatsopano imachapidwa kaye kuti sitachi achoke, penti wake ndi wa nsalu, ndipo pakatha tsiku timasita kumbuyo kwake mphindi zitatu kapena zisanu popanda nthunzi. Magetsi akathima, simbi ya makala imagwira bwinobwino bola muyalepo kansalu kena. Zidebe za pulasitiki timakana, penti wamba sagwirapo.

Mkati mwa mbale, pa chipande kapena pa mthiko sitipakapo chilichonse. Penti wina wa mafuta, makamaka wachikasu ndi wofiira, amakhala ndi mtovu womwe umawononga ubongo wa ana. Pa zinthu za ana timagwiritsa ntchito penti wa madzi yekha.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chitini cha penti ku Limbe unakwera pomwepo, ndipo anzathu ena anayamba kuchulutsa thinala wosungunulira penti kuti pentiyo atalike. Ife tinakweza mitengo n'kukuuzani chifukwa chake. Ena munadandaula, komabe munabwereranso.

N'chifukwa chake kuthokoza kwathu n'kwakutali. Zikomo amayi a banki mkhonde yathu, amene munatichotsa m'manja mwa katapila n'kutikongoza ya malata a shediyi. Zikomo agogo owumba mbiya a kumudzi amene mumatisankhira miphika yopsa bwino, yolira ngati belu mukaigogoda. Zikomo okhoma ndowa a mumsika waukulu, amene tsopano mumatifunsa kaye saizi musanadule lata. Anyamata a kabaza amene mumakwera nayo miphika mitunda ya m'tauni muno osaswa, akalipentala a ku Chinamwali, ophunzira a ku UNIMA amene mumatijambula n'kutiika pa Facebook osatilipiritsa, azilongo athu amene munapala ndowa 60 zija mpaka zala kutupa, Mulungu akudalitseni. Ndipo eni malo ogona alendo aja, amene munali ndi ufulu wonse wotiyalutsa koma munangoti konzaninso, ndowa zanu tikuziona zikadali zobiriwira.

Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, layandikira. Thireyi yolembedwa dzina la amayi, nsalu ya pathebulo kapena miphika itatu yofanana ndi mphatso zomwe zimapita kwambiri, pamodzi ndi seti za pa chinkhoswe ndi kicheni topapu. Itanitsani kutatsala masabata awiri, chifukwa penti amafuna masiku asanu ndi awiri kuti akhwime asanakulungidwe m'pepala. Theka la ndalama limaperekedwa poyamba, pa Airtel Money kapena Mpamba. Ngati muli ndi ndowa kapena thireyi yanu yakale, bwerani nayo tiione. Dzina lomwe mukufuna mutilembere nokha papepala, chifukwa sitensulo ikadulidwa, chilembo cholakwika sichifufutika.