Zingwe ziwiri, ketulo imodzi

Tsiku limene ndinaika seva yatsopano yosungira mafayilo ku ofesi kwathu ndinkayenda ngati tambala wam'mudzi wopanda atambala ena. Inali ya Linux, ndipo aliyense, kuyambira a ku akaunti mpaka alembi, ankatsegula mafayilo ake kudzera pa Samba, pulogalamu yogawira mafayilo pa netiweki. Kumbuyo kwa sevayo kunali mabowo awiri a netiweki. Ndinalowetsamo zingwe ziwiri n'kuziphatikiza, zija timati bonding ya active-backup: china chikugwira ntchito, chinzake chili phee kudikira. Makinawo amasuzumira kakhumi pa sekondi iliyonse kuti aone ngati chingwe chili moyo. Chikafa, chinzake chimalowa m'malo, adiresi ya IP osasintha.

Ndinaitana abwana. "Bwana, tsegulani fayilo iliyonse yomwe mukufuna." Atatsegula, ine chingwe chija zu! Fayilo ili gwa.

"Mutu umodzi susenza denga, bwana," ndinatero manja ali m'thumba.

Iwo anangoti, "Paja amatinso mapanga awiri avumbwitsa, achimwene." Ndinaseka, poganiza kuti achikulire za makompyuta anazimvera kuti.

Ndiye linafika Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, cha m'ma 10 koloko, amayi a ku akaunti ali mkati mokonza malipiro. Ndinangomva, "Achimwene a IT! Mafayilo athawa!"

Liwiro. Seva ikulira bwinobwino, koma timagetsi ta mabowo onse awiri tili zii. Ndinafunsa makinawo za bond0, dzina la zingwe zophatikiza zija, yankho n'kukhala down, down. Zonse ziwiri? Ndinasinthanitsa zingwe, kuzimitsa seva, kuyatsanso, ngakhale kuuzira m'mabowo ngati ndikukoleza mbaula. Pakhomo anthu anali atadzaza, ndipo nkhope za anthu amene malipiro awo ali m'manja mwako sizikhala zachibale.

Ndinagwada n'kuyamba kulondola zingwezo chokwawa. Pansi pa tebulo lachiwiri buluku langa linati kwee kumbuyo. Sindinaime. Zingwe zanga ziwiri zija, zimene ndinazitamanda pamaso pa abwana, zinayenda limodzi ngati mapasa mpaka kukalowa mu switch imodzi, kabokosi kolumikiza makompyuta pa netiweki. Ndinaziika ndekha, ndi manja angawa. Pulagi ya switch inali pansi, ndipo pa soketi yake panali ketulo ikuyamba kuimba.

Achimwene a mesenjala anali chilili pambali, makapu ali pa thireyi. "Soketi ya kukhitchini yapsa," anatero mosatekeseka. "Ndiye ndinaona kabokosi aka kamangophethira tsiku lonse, ntchito yake sindiiona."

Nditatambasula dzanja kuti ndizule ketuloyo, abwana anatsokomola pakhomo, kapu ili m'manja.

"Tadikirani kaye madzi awire, achimwene. Si munati pali chingwe china chodikirira?"

Tiyi ndinamwera pompo, nditakhala pansi, msana nditatsamira khoma. Kuimirira kunali kosatheka.