Lorna Wing, Judith Gould ndi kafukufuku wa ku Camberwell

Anthu akafuna kudziwa kulemera kwa ntchito ya wofufuza za autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza mmene munthu amachezera ndi kulankhulana ndi ena), ambiri amathamangira pa masamba a pa intaneti a Google Scholar kapena Scopus kukaona kuti zolemba zake zatchulidwa kangati ndi ofufuza ena. Ena amayang'ana h-index, muyezo womwe Jorge Hirsch anayambitsa mu 2005: h-index ya 30 ikutanthauza kuti munthuyo ali ndi mapepala 30 omwe lililonse latchulidwa maulendo osachepera 30. Manambalawa amathandiza, koma amasocheretsanso. Pepala la Andrew Wakefield la mu 1998 mu The Lancet, lonena za ana 12 okha, lomwe linachititsa makolo kuopa kuti katemera wa MMR (woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri) amayambitsa autism, latchulidwa kambirimbiri ngakhale magaziniyo inalichotsa mu 2010. Ambiri amalitchula polidzudzula, koma kompyuta sisiyanitsa, imangowerengera.

Funso labwino n'lakuti: ntchitoyo inasintha chiyani pa mmene dokotala amamuonera mwana? Apa ndi pomwe Lorna Wing, dokotala wa za maganizo wa ku Britain, amaonekera. Iye anali ndi mwana wamkazi wa autism, ndipo mu 1962 anali m'gulu la makolo omwe anayambitsa bungwe lomwe lero ndi National Autistic Society.

Nthawi imeneyo madokotala ankatsatira zomwe Leo Kanner, dokotala wa ku America, analemba mu 1943 ataona ana 11, ndipo autism inkatengedwa ngati vuto losowa kwambiri. Victor Lotter mu 1966 anapeza ana 4.5 pa 10,000 aliwonse ku Middlesex, ku England.

Wing ndi mnzake Judith Gould, katswiri wa saikoloje, sanadikire ana obwera okha kuchipatala. Anatenga dera lonse la Camberwell, kummwera kwa London, komwe kunali ana pafupifupi 35,000 osakwana zaka 15. Anayamba ndi ana 914 omwe ankadziwika kale kuti ali ndi ulumali kapena vuto la khalidwe, n'kusankhapo 132 oti awaunike mozama. Anawayeza, kuwaonerera, ndi kufunsa makolo komanso aphunzitsi mafunso ofanana pa mwana aliyense. Zotsatira zinatuluka mu 1979. Ana ofanana ndi a Kanner anali pafupifupi 5 pa 10,000, koma ovutika pa zinthu zitatu nthawi imodzi, kucheza ndi anthu, kulankhulana, ndi kuyerekezera posewera, anali pafupifupi 20 pa 10,000. Ana otsalawo analibe dzina la vuto lawo, choncho ambiri ankasowa thandizo loyenera.

Chomwe chimandigwira mtima ndi mmene anawafotokozera. Wina amadzipatula, kumuitana osacheuka. Wina amalola anzake kumukokera m'masewera koma payekha sayambitsa. Wachitatu amakufika pafupi n'kumakuuza za chinthu chimodzi chomwe amakonda, osaona kuti watopa. Mwana wachitatuyu ndiye ankaphonyedwa, poti anthu ankati wokonda kulankhula chonchi sangakhale ndi autism.

Kafukufukuyu anali ndi malire ake. Popeza anayambira pa ana odziwika kale ku maofesi othandiza, ambiri anali ovutikanso kuphunzira, ndipo ana anzeru za m'kalasi omwe ali ndi autism sanalowemo mokwanira. Wing anawafikira mu 1981 ndi pepala la mu Psychological Medicine lofotokoza anthu 34, lomwe linatchukitsa dzina la Asperger's syndrome. Hans Asperger, dokotala wa ana wa ku Austria yemwe dzinali linachokera kwa iye, analemba zake m'Chijeremani mu 1944, ndipo Uta Frith anadzazimasulira m'Chingerezi mu 1991.

Chaka chomwecho cha 1991, Wing ndi Gould anatsegula malo ounikirako autism ku Bromley, ku London, ndipo awiriwa ndi omwe anapanga DISCO, mndandanda wautali wa mafunso omwe katswiri amafunsa kholo za kakulidwe ka mwana kuyambira ali khanda. Mu 2000 Wing analemba ndi Amitta Shah za catatonia, vuto lomwe achinyamata ena a autism amayamba kuuma thupi n'kumalephera kuyamba kapena kumaliza zomwe akuchita.

Buku la madokotala a ku America la DSM-IV linalemba Asperger ngati vuto lapalokha mu 1994. DSM-5 ya mu 2013 inaphatikiza zonse pansi pa dzina limodzi la autism spectrum disorder, mogwirizana ndi zomwe Wing ankanena kwa zaka zambiri, kuti vutoli n'limodzi koma limaoneka mosiyanasiyana. Iye anamwalira mu 2014, patangopita chaka bukulo litatuluka.