Zolemba zanga za kusoka: mwezi wa mwera, zigamba zokhazokha

Mashini anga opalasa ndi mapazi ayambanso kuyenda bwino. Vuto linali lamba. Adatamuka, ndiye gudumu lalikulu likamazungulira, laling'ono limangoterereka. Ndidamudula pang'ono, kuboolanso ndi msomali, n'kulumikiza ndi kawaya kake komweko. Dzimbiri ndiye silitha. Kuno ku Linga, ku Nkhotakota, chinyezi cha nyanja sichisiya chitsulo, ndipo mwera ukauka mchenga umafika mpaka mu bobini. Masiku ano ndikamaliza ndimapukuta, kudonthezera mafuta ake enieni, n'kufunditsa chitenje chakale. Wina adandilangiza mafuta ophikira. Musayerekeze, amaundana n'kumata zonse ngati ulimbo.

Pomwe ndinkayamba kuphunzira kusoka, m'mutu mwanga munali Dorika wa ku Yopa, uja wa pa Machitidwe a Atumwi 9, amene atamwalira akazi amasiye adaonetsa Petro malaya ndi zovala zimene ankawasokera. Ndinkafuna nanenso ndidzasokere anthu zatsopano. Koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nsalu ndi ulusi sizigulika mwachisawawa, ndipo zimene anthu amandibweretsera ndi za kaunjika zong'ambika pabondo, zothothoka zipi, zophwasuka m'khwapa. Mwezi uno sindidasoke chatsopano chilichonse, ndipo sindikudandaula.

Chimene ndapitako patsogolo ndi zipi. Kale ndikaika, imatuluka yopotoka. Chinsinsi chake ndi kuyamba mwaigwiriza ndi singano yamanja musanaipondetse. Jinzi nayo sindikuiopanso. Singano ya nambala 14 imene ndimasokera chitenje imathyoka ikafika pamphambano ya misoko, pamafunika 16 kapena 18, ndipo pamalo pokhuthalapo ndimazungulitsa gudumu ndi dzanja, pang'onopang'ono.

Majekete a asodzi ndiwo andiphunzitsa zambiri. Nyengo ino opha usipa ndi chilimira amachezera panyanja ndi nyali zawo, mphepo ikulowa paliponse pamene pang'ambika. Bambo wina wachikulire amene tayandikana naye, Msilamu, adabwera ndi jekete yake zipi itafa, thumba likulendewera. Nditamaliza adapisa m'thumba.

"Amayi, ndipereke zingati?"

"Ayi bambo, ine ndikuphunzira. Mwandithandiza ndinu pondipatsa chophunzirira."

Adangoseka n'kunyamuka. M'mawa mwake mdzukulu wawo adafika ndi mbale ya usipa wauwisi. Ndidalandira ndi manja awiri, ndipo madzulo tidadyera kondowole. Ena anganene kuti pamenepo ndidalipidwa, chifundo chidathera pomwepo. Ine ndikuona mosiyana. Munthu wamkulu ukamukaniza kubweza, wamuuza kuti alibe kanthu koti angakupatse, ndipo sadzabweranso ngakhale jekete ithere pathupi. Kuno ku Nkhotakota takhala moyandikana chonchi kuyambira kale. Mtengo umene David Livingstone adakambirana pansi pake ndi Jumbe mu 1863 uli pafupi ndi tchalitchi chathu cha All Saints, amishoni a Anglican a bungwe la UMCA adakhazikika kuno mu 1894, ndipo mpaka lero belu ndi adhana (kuitanira mapemphero kumzikiti) zimamveka m'dera limodzi. Pa khonde langa sindifunsa kuti munthu amapemphera kuti.

Pali lamulo limodzi limene ndadziikira, ndipo ndidaliganizira nthawi yaitali. Matelala okhala pa makonde a masitolo kumsika amadyera zigamba zomwezi. Ndikamasokera aliyense mwaulere, ndawalanda ufa ana awo. Choncho wogwira ntchito ya malipiro, kapena amene wangogulitsa mpunga wake, ndimamuuza mwaulemu kuti apite kwa telala. Ine ndimatenga za agogo olera adzukulu, za odwala, ndi za ana amene ndikudziwa kwawo. Mmodzi mwa matelalawo atamva zimenezi adayamba kundisungira tizidutswa ta nsalu totsala, ndipo ndiye adandionetsa zogwiriza zipi zija.

Pa yunifomu za ana a sukulu ndipo ndimachedwa kwambiri. Chigamba cha mwana chiyenera kubisika, chifukwa ana amasekana mopanda chisoni, ndipo mtsikana wa sitandade 6 akasekedwa kawiri amayamba kudwala mutu m'mawa uliwonse. Nsalu yatsopano pa diresi yosuluka imaonekera patali. Ndiye ndimasomola mpendero, kudula kansalu ka m'kati kapena kuseri kwa thumba, kamene kachapidwa limodzi ndi diresiyo, n'kukaika kunsi kwa pong'ambikapo. Ulusi ndimasankha wofanana ndi mtundu wa diresi monga ilili lero, osati monga idaliri pogula. Msoko ukhale waung'ono, wotsata mmene ulusi wa nsaluyo ukuyendera. Ntchito yoti telala angaithe asanamalize kapu ya tiyi, ine imanditengera masana onse, koma mwana amavala osawerama.

Pa nkhani yomweyi tidasiyana maganizo ndi anzanga ena a kumpingo. Iwo amafuna tizijambula ana atanyamula zovala zawo n'kuika pa Facebook, akuti mwina akufuna kwabwino angatigulire ulusi. Mfundo yawo ndikuimva, ulusi ukufunikadi. Koma ndabisiranji chigamba ngati nkhope ya mwana ndikaionetsa dziko lonse? Mateyu 6 amanena za dzanja lamanzere losadziwa zimene lamanja likuchita, ndipo ine ndimaona kuti mawuwo amateteza wolandira kuposa wopereka. Tidagwirizana kuti azijambula mashini ndi mulu wa zovala basi. Zovala ndimabweza zili m'jumbo, nthawi zambiri kudzera kwa agogo, madzulo.

Zina zatsala pa mulu ndi za banja lina limene lidasamukira kuno madzi atasefukira ku Dwangwa mu Febuluwale 2024. Zovala zambiri zimene adalandira nthawi imeneyo zinali zazikulu, ndipo ana akuzikulira pano. Kuchepetsa m'chiuno ndikutha, koma mapewa a malaya akundivutabe, mkono umatuluka wokwinyika pamwamba.

Sukulu zikutsegulidwa mu Seputembala, ndiye yunifomu zichuluka posachedwa. Ndisanafike pamenepo ndikufuna ndiphunzire kutembenuza kolala yoperepeseka, kuisomola n'kuika mbali ya kunsi pamwamba. Ndapeza malaya akale a bambo a kunyumba oti ndiyesere. Ulusi wabuluu watsala pang'ono, ndipo ngati alipo amene amadziwa kokagula timitu ta zipi patokha, popanda kugula zipi yonse, andiuze, chifukwa majekete ambiri chimafa ndi kamutuko basi.