Mtsinje Ukafiira, Funsani Akumtunda

Mvula ikangokata, ine ndimayang'ana mtundu wa madzi mumtsinje. Akafiira, ndimadziwa kuti katondo wa m'minda ya kumtunda wakokoloka, ndipo manyowa amene mlimi anathira apita nawo limodzi.

Chimene chimandivuta n'chakuti timalima malo onse mofanana, pamene nthaka ili ndi makhalidwe ake. Mchenga umamwa madzi msanga, n'kuwataya msanganso, ndipo feteleza amasuluka mizu isanamupeze. Makande, nthaka ya dongo lambiri, ndi ena: akauma amang'aluka ming'alu yolowa dzanja, akanyowa amafufuma n'kutseka, madzi n'kumangoyenda pamwamba. Tinthu ta dongo n'tating'ono zedi, tosakwana mamilimita 0.002, pamene mchenga umafika mamilimita 2. Kusiyana konse kwagona pamenepo.

Pamalo otsetsereka ndi pomwe ndimaumirira kwambiri. Liwiro la madzi likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Ndiye mizere yoloza kumunsi ndi ngalande zimene takumbira madzi tokha, ndipo mapeto ake ndi zigwembe. Mizere ipingase phiri motsata akalozera (mizere yotsogolera yoyezedwa kuti isatsetsereke), pakati pake ngonyeka (timizere totchinga madzi pakati pa mizere), m'mphepete udzu wa vetiva, umene mizu yake imatha kuzama mamita 3. Potsetsereka kwambiri, kwa ine, khasu lisafikepo. Pakhale mitengo basi.

Dambo nalo timalipeputsa. Limasunga madzi a dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Mukalima mpaka m'gombe kapena kudyetsapo ziweto mopyola muyeso, nthaka imagangatika, ndipo zitsime za akumunsi zimaphwa mvula ina isanagwe.